Kabati yapakhoma isagwere mwana

Amayi, musanaitane mmisiri kuti akupachikireni kabati m'khitchini, yambani mwaliyesa khomalo. Likandeni ndi msomali. Ngati likuyoyoka ngati ufa, kapena likulira ngati ng'oma mukaligogoda, ndiye kuti pulasitala inalekana ndi njerwa, ndipo misomali siingagwire.

Nyumba zathu zambiri njerwa zake anamangira matope, simenti ili pamwamba pokha. Msomali wokhomedwa pamzere wa matope umaoneka wolimba tsiku loyamba. Koma kabati ikadzaza mbale ndi mapoto, chitseko chake n'kumatsegulidwa tsiku ndi tsiku, bowo limakula pang'onopang'ono. Woikoka pomaliza nthawi zambiri amakhala mwana wofuna shuga.

Uzani mmisiri agwetse pulasitala yoyoyokayo, amate ina: muyeso umodzi wa simenti, inayi ya mchenga. Muzithirapo madzi kwa masiku 7 kuti ilimbe. Kenako aboole pakati pa njerwa mpaka kutulukira kuseri, alowetse mabawuti aatali. Kuseriko aike kachitsulo kophwatalala kuti nati isamire m'khoma. Mabawutiwo agwire thabwa lochindikala lopingasa, ndipo kabati imangiriridwe pathabwalo. Mmisiri akati misomali italiitali ikwana, musavomere, ngakhale atsitse mtengo.

Khoma la zidina, kapena lomwe limanyowa m'dzinja, musalisenzetse katundu n'komwe. Kabati ikhale ndi miyendo yofika pansi, khoma lingoigwirizira kuti isapendekeke. Zolemera, monga mapoto achitsulo ndi ndowa ya ufa, zizikhala m'munsi.