Pansi pa Madzi Sipali Zii

Msodzi wa ku Mangochi safuna buku kuti adziwe kuti nsomba imamva. Akatchera matchera pamadzi osaya, amazungulira ndi bwato n'kuyamba kumenya madzi ndi mtengo, mnzake akugogoda bwatolo ndi nkhafi, ndipo nsomba zimabalalika ndi mantha mpaka kukakodwa mu ukonde. Usodzi umenewu ndi uja amati chiombera. Kutali kumpoto, pa zilumba za Faroe zimene zili pakati pa Scotland, Iceland ndi Norway, anthu nawonso amasodza ndi phokoso, koma iwo sapirikitsa chambo. Amapirikitsa anamgumi otchedwa pilot whale, nyama zimene kudya kwake, ubale wake ndiponso imfa yake zonse zagona pa mawu.

Namgumi ameneyu si nsomba ayi. Amapuma mpweya, amabereka mwana n'kumuyamwitsa. Ndi wakuda, wamutu wobulungira, ndipo wamphongo amatha kufika mamita 6 m'litali, kulemera kwake kupitirira matani awiri. Alipo mitundu iwiri: wina amakonda madzi ozizira ngati a ku Faroe, wina madzi ofunda, ndipo wachiwiriyu amapezeka ngakhale m'nyanja ya mchere ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar.

Ndiwo yake yeniyeni ndi squid, nyama yofewa ya mikono khumi yokhala pansi kwambiri, kumene dzuwa silifika. Ndiye amaiona bwanji? Amakoka mpweya pamwamba n'kumira. Mdima ukayamba, amayamba kugogoda: ta, ta, ta. Mawuwo sachokera pakhosi. M'njira ya mphuno, kunsi kwa chiboo chopumira cha pamutu, muli timilomo timene timawombana mpweya ukamadutsa. Mafuta a pachipumi chobulungiracho amawongolera mawuwo kutsogolo, ndipo akagunda chinthu n'kubwerera, amalowa kudzera m'mafuta a m'nsagwada ya m'munsi mpaka kukafika kukhutu. M'madzi mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya, choncho yankho silichedwa. Squid ikayandikira, kugogodako kumathithikana mpaka kusanduka kulira kumodzi, trrrr, kenako zii. Wagwira, kapena waphonya.

Izi tikuzidziwa bwino chifukwa cha ofufuza a ku Tenerife, m'zilumba za Canary. Natacha Aguilar de Soto ndi anzake ankamata timakina tojambula mawu pamsana pa anamgumiwa, ndipo zimene anafalitsa mu 2008 zinadabwitsa ambiri. Nyamazi zimamira mpaka mamita 1,000, ndipo pansi penipenipo zimaliyatsa liwiro la mamita 9 pa sekondi pothamangitsa squid imodzi, ulendo wonse wa mphindi 15 kapena 20 zili ndi mpweya umodzi womwe uja. Nyanja ya Malawi pamene pazama kwambiri ndi mamita pafupifupi 700 basi. Koma nayonso siili chete: nsomba za mbuna zamphongo zimatulutsa timawu tamanzenene zikamakopa zazikazi, kungoti makutu athu sanalengedwere kumva zimenezo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri si kusakako, koma kuitana. Mu 2011 Frants Jensen ndi anzake anapeza kuti anamgumi a ku Tenerife amaitanabe abale awo ngakhale ali pansi mamita 800. Kumeneko mphamvu ya madzi imakhala itafinya mpweya wa m'mphuno mpaka kutsala pang'onong'ono, moti mawu amatuluka aafupi ndi ofooka. Komabe namgumi amaitana, makamaka akamakwera kubwerera. Pamwamba pamakhala ana amene sangathe kumira motero, pamodzi ndi akuluakulu ena otsala nawo, ndipo wopita kosakayo safuna kutuluka m'madzi n'kupeza gulu litapita.

Gululo ndi banja lenileni, ndipo limayendera kuchikazi. Kafukufuku wa chibadwa cha anamgumi ophedwa ku Faroe, amene anafalitsidwa mu 1993, anaonetsa kuti ana aakazi ndi aamuna omwe amakhalabe m'gulu la mayi wawo moyo wonse. Wamphongo amakabereka ku gulu lina, koma kwawo sachoka, ndipo ana amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku ndi a mlongo wake. Mchewa akamva izi sadabwa, chifukwa akudziwa mbumba, akudziwanso udindo wa malume. Mwa mtundu wa m'madzi ofunda uja, zazikazi zimasiya kubereka zisanakwane zaka 40 koma zimatha kukhala ndi moyo kupitirira zaka 60, chinthu chosowa kwambiri pakati pa nyama. Ku Hawaii ofufuza anapeza kuti magulu osiyana ali ndi kaitanidwe kosiyana. Ku Norway anayesa kuliza m'madzi mawu a anamgumi olusa otchedwa orca, poganiza kuti mwina athawa. Sanathawe. Anasonkhana n'kulunjika pamodzi kumene mawuwo ankachokera.

Umodzi womwewo ndi umene umawaphetsa. Mmodzi akasochera pamchenga wosaya, pamene mawu ake sabwerera bwino, n'kuyamba kulira, enawo samusiya. Mu February 2017 oposa 600 anatsakamira pagombe la Farewell Spit ku New Zealand, ndipo mu September 2020 pafupifupi 470 anatsakamira ku Macquarie Harbour ku Tasmania. Anthu opulumutsa amavutika kukankhira ena m'madzi akuya, koma nthawi zina opulumutsidwawo amabwereranso kumene abale awo akulira.

Anthu a ku Faroe anazindikira khalidwe limeneli kalekale. Wina akaona gulu pafupi ndi gombe, uthenga umafala, kale ankayatsa moto pamapiri ndi kutuma othamanga, lero ndi pafoni. Maboti amandanda kumbuyo kwa gululo mozungulira mbali imodzi. Amuna amaponya m'madzi miyala yomangirira ku zingwe n'kumaikokanso, injini zikulira, ndipo anamgumi, amene amayendera khutu, amathawa khoma laphokosolo n'kulowera kugombe lovomerezeka ndi boma. Kumeneko amuna ena amalowa m'madzi ozizira mpaka m'chiuno n'kudula mtsempha wa msana ndi mkondo wopangidwira ntchitoyo. Madzi amafiira magazi. Kenako akuluakulu a dera amayeza nyama iliyonse, n'kugawa mnofu ndi mafuta kwa osaka ndi anthu a m'deralo, ambiri osalipira kanthu.

Zithunzi zake n'zoopsa, ndipo chaka ndi chaka anthu a m'mayiko ena amawanena a ku Faroe kuti ndi ankhanza. Ine sindifulumira kuwaweruza. Kwawo n'kwamiyala ndi mphepo, kolola nkhosa ndi mbatata ya kachewere basi, ndipo kwa zaka mazanamazana namgumi ndiye ankawadutsitsa m'nyengo yozizira. Ife amene timamenya madzi kuti nsomba ithawire mu ukonde tikugwiritsa ntchito nzeru yomweyo. Koma pali kusiyana kumene sindingakubise. Chambo chimaikira mazira mazanamazana. Namgumi amatenga bere chaka chathunthu kapena kuposerapo, n'kubereka mwana mmodzi pa zaka zitatu kapena zisanu. Ndipo poti gulu limapirikitsidwa lonse, tsiku limodzi lokha limamaliza gogo, ana, zidzukulu ndi kaitanidwe kawo komwe. Lero ku Faroe kulibe njala, ndipo mu 2008 madokotala awo eni, Pál Weihe ndi Høgni Debes Joensen, analangiza kuti nyamayi isamadyedwenso chifukwa yadzaza poizoni wa mercury wochokera ku zonyansa za m'mafakitale a kutali. Mwambo umene unayamba pofuna kupulumutsa ana tsopano ukudwalitsa ana, ndipo ndikuona kuti nthawi yake yatha.

Pali chinthu chimodzi chimene a ku Faroe atiposa: amawerenga. Zolembedwa za anamgumi ophedwa ku Faroe zimayambira mu 1584, ndipo mpaka lero nyama iliyonse imalowa m'buku. Kwathu chambo chinachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe tikuona, ndipo mu 2018 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Sikuti tilibe nzeru yathu. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa potsegula amaona okha kuti nsomba zachuluka. Koma tikamakamba zoteteza nsomba timakamba za maso a ukonde ndi miyezi yotseka, phokoso n'kuliiwala. Chonsecho chambo chimaswana pamadzi osaya omwewo pamene chiombera chimalira. Champhongo chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo chikakodwa chimalavula onsewo.

Phokoso lalikulu lingabwerenso ndi ena, osati asodzi. Mu July 2011 gulu la anamgumiwa linalowa m'madzi osaya a Kyle of Durness ku Scotland, 19 n'kufa, ndipo kafukufuku anapeza kuti chimene chinawasokoneza kwambiri chiyenera kuti chinali mabomba amene asilikali anaphulitsa m'madzi chapafupi. Chaka chomwecho boma la Malawi linapereka ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanja yathu, ndipo kafufuzidwe kotere kawirikawiri kamachitika powombera mawu amphamvu kwambiri m'madzi kuti amve zimene zili pansi pa thanthwe. Nkhani imeneyi ikadzadzukanso, aphungu, mafumu a m'mphepete mwa nyanja ndi a nthambi yoona za usodzi adzafunse za phokoso asanafunse za ndalama: lidzalira mwezi uti, malo ati, kwa masiku angati. Makomiti a m'madoko nawonso asadikire za mafutazo. Aletse lero kumenya madzi pamalo amene chambo chimaswana.