Kutuluka kwa Chiberekero cha Ng'ombe

Ng'ombe yaikazi imakhala ndi bere kwa miyezi 9 ndi masiku oŵerengeka, ndiye kuti masiku pafupifupi 283. Nthaŵi yonseyi thole limakulira m'thumba la m'mimba mwa make lotchedwa chiberekero. Thumba limeneli ndi lodabwitsa. Ng'ombe ikakhala yopanda bere, chiberekero chimakhala chaching'ono, chosakwana ndi kilogalamu imodzi yomwe. Koma thole likamakula, nacho chimatanuka ndi kunenepa, kotero kuti pa tsiku loswa chimalemera makilogalamu pafupifupi 10, osaŵerengera thole ndi madzi ake.

Ng'ombe zambiri zimaswa zokha popanda munthu wozithandiza. Yoswayo imapatuka pa zinzake, imagona ndi kudzuka, ndipo imayamba kuchima. Pamatsogola ziboda ziŵiri za miyendo yakutsogolo, mphuno ili pamwamba pake, monga achitira mnyamata wodumphira m'dziŵe. Thole likagwa pansi, make amadzuka nayamba kulinyambita. Patapita maola oŵerengeka nsengwa imatuluka, chiberekero chimayamba kufota, ndipo khomo lake limatsekeka pang'onopang'ono.

Koma tsiku lina zinthu siziyenda chotero. Pisani dzanja m'thumba la kabudula kapena la diresi lanu, mugwire pansi pa thumbalo ndi kutulutsa dzanja osalitaya. Thumba lija lituluka lonse, mkati mwake muli kunja. Izi ndizo zimachitika ndi chiberekero cha ng'ombe. Thole litatuluka, khomo la chiberekero limakhala likali lotseguka kwambiri. Ngati minofu yake yatopa ndipo ikulephera kufota, koma ng'ombeyo nkumachimabe, chiberekero chimatembenuka ndi kutsatira njira imene thole linadzera, mpaka chonse chilendeŵera kunja. Kaŵirikaŵiri ngozi imeneyi imagwa pa maola oyambirira ng'ombe itaswa, ndipo sikaŵirikaŵiri kuti ichitike tsiku lathunthu litapita.

Chimene chimatopetsa chiberekero koposa ndicho kuswa movutikira. Mwina thole lagona molakwika, mwendo umodzi utapindikira m'mbuyo. Mwina lakula kuposa njira ya make. Zotere zimaoneka kwambiri pamene ng'ombe yaing'ono yakweredwa ndi nkhunzi ya mtundu waukulu. Ng'ombe zathu za nyundu, zimene akatswiri amazitcha Malawi Zebu, ndi zazing'ono thupi. Ng'ombe za mkaka za mawanga akuda ndi oyera, zotchedwa Friesian, zimene alimi a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ena amaŵeta m'makola, ndi zazikulu ndipo zimabala matole akuluakulu. Kuphatikiza mitundu iŵiriyi kwathandiza mabanja ambiri kupeza mkaka wochuluka, koma msoti umene sunakhwime msinkhu suyenera kupatsidwa bere la nkhunzi yotere.

Anthu nawonso amapalamula. Thole likakanirira, ena amalimanga chingwe nayitana anyamata onse a m'mudzi kuti akoke, ena mpaka kukoketsa ng'ombe za pangolo. Uku nkulakwa kwakukulu. Mphamvu ya amuna aŵiri ndiyo malire, ndipo iwo ayenera kukoka pokhapokha pamene ng'ombe ikuchima, ikapuma nawonso apume. Thole lozulidwa mwachiwawa limakoka chiberekero pambuyo pake. Chimodzimodzinso munthu amene akoka nsengwa yochedwa kutuluka, kapena kuimangirira mwala kuti igwe msanga.

Palinso chifukwa china chosaoneka ndi maso. M'magazi a nyama muli mchere wotchedwa kashiamu, umene umalimbitsa mafupa ndi kupatsa minofu mphamvu yogwira ntchito. Ng'ombe yaikulu ya mkaka wambiri ikangoswa, kashiamu wochuluka amapita ku mkaka nthaŵi imodzi. Minofu yonse imafooka, ng'ombe imalephera kudzuka, makutu ake amazizira, ndipo chiberekero chimangokhala lende ngati thumba lonyowa. Ng'ombe yoonda ndi njala ya m'chilimwe nayo imafooka mosavuta. Ikagonanso pa malo otsetsereka, mutu kumtunda ndi mchira kumunsi, zonse za m'mimba zimakankhira kumbuyo.

Nanga mungazindikire bwanji kuti chimene mukuonacho ndi chiberekero? Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa pali zinthu zitatu zimene zimatha kuoneka kunsi kwa mchira wa ng'ombe, ndipo anthu amazisokoneza. Nsengwa ndi yopyapyala, yotuŵira, ndipo imalendeŵera ngati nsanza yonyowa. Imeneyi njoyenera kutuluka. Chachiŵiri ndi mnofu wofiirira, wosalala ndi wozungulira ngati mpira, umene umatuzuka ng'ombe ikagona, makamaka isanaswe. Umenewu ndi mnofu wa njira yotulukira thole, ndipo nawo umafuna mlangizi. Koma chiberekero ndi chachikulu ndi cholemera ngati thumba la ufa, chofiira kwambiri, ndipo ng'ombe ikaimirira chimafika m'nkhongono. Pa icho pamakhala mfundo zambirimbiri, pafupifupi 100, zina zazikulu ngati mazira a nkhuku, zina kuposa pamenepo.

Mfundo zimenezi si matenda ayi. Ndipo pamene nsengwa inalumikizika ndi make, ndipo chakudya cha thole chinkadzera pomwepo miyezi yonse ija. Munthu wosadziŵa amayesa ndi zotupa nayamba kuzithothola. Akatero magazi amatuluka osaleka.

Chiberekero chili kunja, moyo wa ng'ombe uli pa ngozi yaikulu. Mkati mwake muli mitsempha ya magazi yonenepa ngati chala cha munthu wamkulu. Ng'ombe ikathamanga, katundu uja amagwedezeka ndipo mtsempha ungathe kuduka. Magazi amatayikira m'mimba mosaoneka, nkhama zimayera, ndipo ng'ombe imafa pa kanthaŵi kochepa. Ngakhale mtsempha usaduke, chiberekero chimatupa ola ndi ola popeza magazi sakubwerera bwino. Chimauma ndi mphepo, chimadetsedwa ndi ndowe, zinzake zimachiponda, ndipo agalu ndi akhwangwala samachedwa kumva fungo la magazi. Nthaŵi zina chikhodzodzo kapena matumbo amaloŵa m'kati mwa thumba lotembenukalo. Nchifukwa chake kuliboola kapena kulidula ndi mpeni kuli ngati kuipha ng'ombeyo.

Ambiri a inu mumaŵeta ng'ombe mukaŵeruka ku sukulu, ndipo kungatheke kuti woyamba kuona zimenezi adzakhale mmodzi wa inu. Musadzaikuse ng'ombeyo kuti ipite ku khola, ngakhale kunyumba kuli pafupi. Ngati yagona, ilekeni igone. Ikani thole kutsogolo kwake, pamene ingalione ndi kulinyambita, kuti isadzuke kukalifuna. Pitikitsani agalu, ndipo ng'ombe zina muzikusire patali mwakachetechete. Mukakhala aŵiri, wina atsale akulondera, wina athamange kukauza akuluakulu kuti aitane mlangizi wa ziŵeto kapena dokotala wa ziŵeto msangamsanga. Pa lamya anene momveka kuti ng'ombe yaswa nthaŵi yanji, yagona kapena yaimirira, ndiponso ngati magazi akutuluka. Inu ana musagwire chiberekero, nsengwa kapena madzi ake, pakuti matenda ena a ng'ombe, monga aja otayitsa bere, amaloŵa mwa anthu kudzera m'zinthu zimenezi.

Poyembekeza mlangizi, akuluakulu ali ndi ntchito yawo. Asambe m'manja ndi sopo ndi kuvala magolovesi, kapena mapepala a pulasitiki oyera ngati magolovesi palibe. Pansi pa chiberekero ayale nsalu yochapa kapena pepala lalikulu la pulasitiki. Atsuke dothi ndi udzu ndi madzi aukhondo ofunda, othiramo mchere pang'ono, mothira chabe osati mokhula. Kenaka achikulunge ndi nsalu yonyowa. Ngati ng'ombe yaimirira, anthu aŵiri agwire nsalu ija uku ndi uku ndi kunyamula katunduyo kuti asalendeŵere. Phulusa, palafini, oilo wa galimoto ndi mankhwala a ku dipi siziyenera kufika pafupi, chifukwa zimapsereza mnofu wanthete umenewu.

Chinthu chimodzi cha m'nyumba chimene chimathandiza ndi shuga. Mwina mudaonapo kuti mukathira mchere pa nkhaka kapena pa matimati odula, m'mbale mumadzaza madzi. Shuga amachita chimodzimodzi. Akathiridwa wambiri pa chiberekero chotupa, amakoka madzi a m'minofu, ndipo patapita mphindi zingapo chimaphwa ndithu. Mcherewo suthiridwa wouma chifukwa umaŵaŵa ndi kuwononga mnofu. Komabe shuga sabweza chiberekero m'malo mwake. Iye amangopeputsa ntchito ya mlangizi, ndipo mlangiziyo ndiye anganene nthaŵi yabwino yomuthira.

Mlangizi akafika amayamba wapima ng'ombe yonse. Amaona nkhama, amagwira makutu, ndipo ngati kashiamu wachepa amaibaya jekeseni ya kashiamu. Pambuyo pake amabaya jekeseni ina pa tsinde la mchira, pakati pa mafupa a msana. Imeneyi imachititsa dzanzi kumbuyo konse, kuti ng'ombe isamve kuŵaŵa ndiponso ileke kuchima. Popanda jekeseni imeneyi ntchito imakula, pakuti munthu akakankhira mkati ng'ombe imakankhira kunja, ndipo ng'ombe ndiyo yamphamvu.

Ngati ng'ombe siingathe kuimirira, amaigoneka chafufumimba ndi kuwongolera miyendo yake iŵiri yakumbuyo m'mbuyo, ngati chule wosambira. Kagonedwe kameneka kamaoneka koseketsa, koma kamapendeketsa chiuno kuti chiberekero chitsetserekere mkati. Apa mpamene mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umapherezera: ena agwira mutu, ena miyendo, wina mchira, ndipo aŵiri anyamula chiberekero pa nsalu kapena pa thabwa losalala kuti chikhale pamwamba.

Tsono mlangizi amachotsa nsengwa mosamala ngati ikulola kuchoka, amatsukanso, nasoka pamene pang'ambika. Amadzoza mankhwala oterera ndi kuyamba kubweza pang'onopang'ono, kuyambira mbali imene ili pafupi ndi thupi. Amakankha ndi zikhatho kapena zibakera, osati ndi nsonga za zala, kuopa kuboola. Ntchitoyi imafuna kupirira. Mwina theka la ola limatha thukuta lili kamukamu, osaona kusintha, kenaka mwadzidzidzi chonse chimangoti lobwe kuloŵa.

Kuloŵa kokha sikukwanira. Chiberekero cha ng'ombe chili ndi nthambi ziŵiri zokhota ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Bwererani ku thumba la kabudula lija: mukalibweza mwaulesi, kansonga kake kamatsala kopindikira mkati. Kansonga kotere kakatsala m'chiberekero, ng'ombe imamva ngati muli thole lina, imachimanso, ndipo chonse chimatulukanso. Motero mlangizi amapisa mkono wonse mpaka m'phewa kuti awongole nthambi zonse ziŵiri. Mkono ukaperewera amagwiritsa ntchito tsinde la botolo loyera bwino, kapena amathiramo madzi ofunda aukhondo kuti kulemera kwake kufunyulule nsongazo, nawatulutsanso. Atatha izi ndiye amabaya mankhwala ofotetsa chiberekero, ena opha tizilombo, ndi ena oletsa ululu. Alangizi ena amasokanso pa khomo la njira ndi ulusi wolimba, kusiya mpata wa mkodzo, ndipo ulusiwo amadzauchotsa patapita masiku oŵerengeka.

Pamene chiberekero chaola kapena chang'ambika kosatheka kusoka, dokotala angathe kuchimanga ndi kuchichotsa kuti apulumutse moyo wa ng'ombe, ngakhale kuti siidzaswanso. Nthaŵi zina amalangiza kuti iphedwe isazunzike. Koma chiweruzo chimenechi nchake cha dokotala. Eni ng'ombe ambiri amathamangira mpeni chifukwa cha mantha poona magazi, nagulitsa nyama pa mtengo wolira, pamene ng'ombeyo ikadachira. Zambiri zimene zathandizidwa pa maola oyambirira zimakhala ndi moyo.

Ng'ombe yothandizidwa isungidwe payokha pa malo ouma, a mthunzi, okwererako pang'ono chakumbuyo. Ipatsidwe madzi ambiri ndi msipu wanthete. Mwini wake aziiyang'ana m'maŵa ndi madzulo. Ikaleka kudya, ikayambanso kuchima, kapena kukamatuluka zonunkha, mlangizi aitanidwenso. Mkaka wake anthu asamwe kapena kuugulitsa kufikira atakwana masiku amene mlangizi wanena, chifukwa mankhwala aja amapezeka mu mkakamo.

M'chipwirikiti chonsechi nkosavuta kuiŵala thole. Ilo liyenera kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja pasanathe maola 6, popeza ndiwo umaliteteza ku matenda. Ngati make sakudzuka, akamidwe ndipo thole limwetsedwe ndi botolo. Kuyamwa kumathandizanso make, chifukwa thole likamakoka maŵere, thupi la ng'ombe limatulutsa timadzi tofotetsa chiberekero. Ndicho chifukwa chake alimi odziŵa amaidzutsa ng'ombe ikangoswa ndi kuliyandikiza thole ku bere.

Ng'ombe yochira ingathe kutenganso bere, ngakhale kuti zina zimachedwerapo. Kaŵirikaŵiri chiberekero sichitulukanso pa bere lotsatira, ndipo ana ake satengera vutoli. Zimasiyana ndi ng'ombe ija yotuzuka mnofu wonga mpira isanaswe. Imeneyo imabwereza chaka ndi chaka, ana ake aakazi amatha kutengera, ndipo alangizi amati ndi bwino kuichotsa m'khola ikaletsa kuyamwitsa thole lake.

Mafunso

1. Kodi ng'ombe imakhala ndi bere kwa masiku angati?
2. Fotokozani kusiyana kwa nsengwa ndi chiberekero chotuluka.
3. Nchifukwa ninji si bwino kukusa ng'ombe yotere kupita nayo ku khola?
4. Kodi shuga amagwira ntchito yanji pa chiberekero chotupa?
5. Chingachitike nchiyani mlangizi akapanda kuwongola nsonga za chiberekero?
6. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: thole, msoti, chafufumimba, kufota, dzanzi.