Kambewa pa Mwendo wa Tebulo

Ambirife tinagulapo tebulo lonyezimira vanishi, koma pofika dzinja lachiwiri linayamba kugwedera. Titabwerera kumene tinagula, kalipentala anakana kuti si lake, ndipo tinalibe umboni. Ndalama zinalowa m'madzi.

Ku Kilburn, mudzi waung'ono wa ku Yorkshire m'dziko la England, kunali mmisiri wa matabwa dzina lake Robert Thompson, amene anabadwa mu 1876 n'kumwalira mu 1955. Iyeyu ankasema kambewa pafupifupi pa chilichonse chimene wapanga: pa mwendo wa tebulo, m'mbali mwa mpando, ngakhale pa mabenchi a m'tchalitchi. Anthu amasimba kuti tsiku lina ali pa ntchito mnzake anadandaula kuti iwo ndi osauka ngati mbewa za m'tchalitchi, ndipo Thompson anasema kambewa pomwepo.

Koma chimene chinam'tchukitsa si kambewako. Ankagwiritsa ntchito mtengo wolimba wa oak, ndipo matabwa ake ankawaumitsa pa mphepo kwa zaka asanawakhudze. Pamwamba pa tebulo ankasalazapo ndi kasemasema, moti ukasisita ndi dzanja umamva timafunde. Amisiri ena amene anaphunzira ntchito kumeneko atatsegula malo awoawo anasankhanso zizindikiro zawo: wina gologolo, wina kalulu.

Mwambowu ndi wakale. Ku Paris, malamulo a amisiri amene anakhazikitsidwa mu 1751 ankalamula kuti mmisiri adinde dzina lake pa katundu wake. Chinthu chikaphwasuka, mwini ntchito ankadziwika.

Komabe chizindikiro pachokha sichikwanira. Lero alipo akathyali amene amasema kambewa pa mipando wamba kuti akweze mtengo. N'chifukwa chake odziwa kugula amayang'ana kaye ntchito, kenaka chizindikiro.

Ifenso tingachite chimodzimodzi tikamagula mpando wa mlombwa, mbawa kapena paini. Tiutembenuze, pakuti mmisiri waulesi amabisa manyazi ake kunsi. Tione polumikizira: kodi thabwa lalowa bwino m'bowo la linzake, kapena zangogwirana ndi misomali ndi guluu? Tikhalepo, tiugwedeze. Tifunse ngati matabwawo anauma, chifukwa thabwa laliwisi limapindika ndi kung'aluka likamauma m'nyumba. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa n'chizindikiro choti tizilombo tayamba kale kudya mkati. Kabati yaitali tiimangirire ku khoma, chifukwa mwana akakwera pa madilowa ikhoza kumugwera.

Pomaliza, timupemphe kalipentala kuti alembe kapena adinde dzina lake ndi chaka kunsi kwa katunduyo. Amene amakhulupirira manja ake sangakane. Wokanayo watiuza kale zimene timafuna kudziwa tisanatulutse ndalama.

Ndipo ngati m'banja mwathu muli mwana amene akuphunzira ukalipentala, tim'limbikitse kusankha chizindikiro chake akadali wamng'ono. Adzaganiza kawiri asanakhome msomali mwa chinyengo pa mpando umene uli ndi dzina lake.