Katemera wa Malungo ku Machinga ndi Balaka: Kodi Mgwirizano Wachilungamo Ukhala Wotani?

Awerengi athu adzakumbukira kuti pa 23 Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka kwa ana katemera wa malungo wotchedwa RTS,S monga gawo la ntchito ya masiku onse ya zipatala. Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Mwa maboma 11 amene anasankhidwa kuno kwathu munali Machinga ndi Balaka, maboma a m'chigwa cha Shire kumene kutentha ndi madambo zichulukitsa udzudzu.

Ntchito imeneyi inatchedwa mgwirizano, ndipo n'koyenera kufunsa chimene aliyense anabweretsa. Kampani ya GSK, imene inafufuza katemerayu zaka zoposa 30, inalonjeza kupereka mwaulere mlingo wofika 10 miliyoni. Mabungwe a Gavi, Global Fund ndi Unitaid anapereka ndalama, ndipo bungwe la WHO linatsogolera. Koma Malawi sanabwere chimanjamanja. Unduna wa Zaumoyo unapereka zipatala ndi antchito, akatswiri a College of Medicine anawerengera zotsatira, ndipo amayi a ku Machinga ndi ku Balaka anabereka ana awo kanayi kunka kusikelo: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Popanda maulendo amenewa umboni sukadapezeka.

Umboniwo unali wamtengo wapatali. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO linavomereza katemerayu, ndipo mu 2023 linalengeza kuti m'madera amene analandira, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse.

Komabe pali mafunso awiri amene munthu woganiza sangawalumphe. Loyamba ndi la chilolezo. Madera ena anayamba kulandira pamene ena anadikira kuti pakhale pofanizira, ndipo mu 2020 magazini ya madokotala ya BMJ inadandaula kuti makolo sanapemphedwe chilolezo monga zichitikira pa kafukufuku. A WHO anayankha kuti uku kunali kupereka katemera wovomerezedwa kale ndi maboma a mayiko atatuwo. Ngakhale zinali choncho, phunziro latsala: kholo liyenera kuuzidwa zonse m'chinenero chake, kaya Chichewa kaya Chiyao.

Lachiwiri ndi la mtengo ndi kuchuluka kwake. Atavomerezedwa, katemerayu anapezeka wochepa: mlingo wa 18 miliyoni wokha unagawidwa ku mayiko 12 kuti ukwanire kuyambira 2023 mpaka 2025, ndipo kubaya kamodzi kunali pa mtengo woposa mayuro 9. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Dziko limene linapereka ana ake ku ntchitoyi lili ndi chifukwa chomveka choyembekezera kuti silidzasowa katemera. N'zolimbikitsa kuti mu 2022 Boma linafikitsa katemerayu ku madera amene anadikira, kuti mu 2023 katemera wachiwiri, R21, anavomerezedwa, ndi kuti mu 2025 GSK ndi kampani ya ku India ya Bharat Biotech analonjeza kutsitsa mtengo kufika pansi pa madola 5 pomafika 2028.

Chotero mgwirizano wachilungamo sutanthauza kuti onse apereke zofanana. Utanthauza kuti onse akhale pa bwalo pogamula, kuti thukuta la mlangizi wa zaumoyo liwerengedwe monga ndalama ya mlendo, ndi kuti zotsatira zibwerere kumudzi kumene zinachokera. Kudulidwa kwa thandizo la America mu 2025 kunatikumbutsanso kuti dziko liyenera kuika ndalama zakezake pa umoyo wa anthu ake.

Inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, gawo lanu nali: kumbutsani makolo kuti mwana alandire katemera wachinayi, ndi kuti asaleke kugona m'neti, pakuti katemerayu sateteza kotheratu. Ndipo alendo akadza ndi ntchito yatsopano m'dera lanu, alandireni mwaulemu, koma muwafunse amene adzasunga zotsatira ndi chimene chidzatsala iwo atapita.