Ovataimu si banyira

Loweruka lapitali ndinali pachipata cha Mwanza, pomwe mathiraki ochokera ku Beira anali atandanda kudikira mapepala. Dalaivala wina ankaphika nsima pambaula pafupi ndi tayala, thaulo lili paphewa. "Achimwene," anandifunsa, "lero linali tsiku langa lopuma, koma abwana anati ndinyamuke. Ndiye maola amenewa ndi a ndani?"

Ndivomere, kale ndinkayesa ovataimu ndi banyira, ngati tomato mmodzi amene mayi wa pamsika amakuwonjezera akakukonda. Ayi ndithu. Lamulo la ntchito la 2000 limaika sabata ya wantchito ngati ndowa yolowa maola 48. Madzi akasefukira, osefukirawo ali ndi mtengo wawo. Ola loonjezera pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola ndi theka, ndipo akakuitana pa tsiku lako lopuma kapena pa tchuthi cha boma, limalipidwa kawiri. Alawansi ya panjira musayisakanize apa. Imene ija ndi ya ufa, ndiwo ndi makala.

Povuta ndi pokana. Dalaivala mmodzi akati watopa, makiyi amangopatsidwa mnzake. N'chifukwa chake ena amalowa mabungwe monga Professional Drivers Union of Malawi, kuti za maola zizikambidwa ndi gulu ndi kulembedwa papepala. Ine ndimati ngakhale maola odikira pachipata aziwerengedwa, poti munthuyo akulondera katundu wa eni ake.

Mkuluyo anaseka, napakula nsima, diso lili pa thiraki ya kutsogolo ngati yasuntha.