Namwino Akatopa, Amam'samala Ndani?

Pa 3 Malichi 2022 unduna wa zaumoyo udalengeza kuti matenda a kolera abuka m'dziko muno. Wodwala woyamba adali bambo wina wa m'boma la Balaka amene adagonekedwa pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde. Mliriwo udafalikira m'mbali mwa nyanja ndi m'maboma ena onse, kotero kuti pofika chapakati pa chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Ambirife tikukumbukira matenti aja ndi fungo la kolorini. Koma ndi angati a ife amene tidafunsapo za munthu uja ankasintha mabotolo a dripu usiku wonse, m'mawa n'kupitanso ku wodi ya amayi oyembekezera?

Munthuyo ndi namwino, ndipo nthawi zambiri ndi namwino wa udindo wapansi. Nkhani yathu lero ndi ya iyeyu, chifukwa m'mabanja ambiri a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi muli mwana, mlongo kapena mpongozi amene amagwira ntchito imeneyi.

Namwino wake uti?

Anamwino ali m'magulu. Alipo a digiri amene amaphunzira zaka zinayi. Alipo akale aja otchedwa enrolled nurse, ndipo m'malo mwawo masiku ano mukulowa ma nurse midwife technician, amene amaphunzira unamwino ndi uzamba kwa zaka zitatu m'sukulu monga St. Luke's ku Malosa kapena Malawi College of Health Sciences ku Zomba. Onsewa sagwira ntchito popanda chiphaso cha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwa mu 1966. Tsono gulu la zaka zitatuli ndilo lalikulu, ndipo mukapita ku zipatala zazing'ono monga ku Ntaja, Nayuchi, Ulongwe kapena Phalula, amene angakubayeni jekeseni kapena kuchiritsa mayi wa pakhomo panu ndi mmodzi wa iwowa.

Chipongwe cha mbali ziwiri

Namwino ameneyu ali ngati chala chopanikizika pachitseko. Kumwamba kuli mabwana. Mankhwala akasowa kapena lipoti likachedwa, iyeyo ndiye amakalipidwa, mwinanso pamaso pa odwala. Maphunziro apadera akabwera, kawirikawiri dzina lake limakhala lomalizira. Kunsi kuli ife odwala ndi odwazika matenda. Takhala pamzere kuyambira m'mamawa, mwana watentha thupi, ndiye mkwiyo wonse timauthira pa munthu wovala yunifolomu amene tamuona pafupi, ngakhale si iye amagula mankhwala kapena mafuta a ambulansi.

Sitikubisa kuti alipo anamwino ena amwano. Amayi ambiri adadandaulapo za mawu opweteka amene adauzidwa pa nthawi yochira, ndipo zimenezo n'zosayenera. Komabe ndi bwino kufunsa kuti mtsikana amene adapita ku sukulu ya unamwino ali wachifundo adasintha bwanji.

Yankho lina ndi kuchepa kwa anthu ogwira ntchito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri adachoka m'dziko muno kupita ku Britain. Boma lidayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004, ndipo mu 2005 lidaonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti, n'kuchulukitsanso ophunzira m'sukulu za unamwino. Koma nafenso tachuluka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Machinga ndi oposa 400,000 m'boma la Balaka, limene lidapatuka ku Machinga mu 1998. N'chifukwa chake namwino mmodzi amapezeka akuyang'anira wodi yonse usiku, ndipo tsiku lake lopuma amabwereranso kukagwira lokamu kuti apeze ya fizi ya ana.

Kutopa kumene sikutha ndi tulo

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalemba m'buku lake la matenda za vuto limene pa Chingerezi amati burnout. Bungweli lidati gwero lake ndi kupanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali popanda chithandizo, ndipo lidatchula zizindikiro zitatu. Choyamba ndi kutheratu mphamvu. Chachiwiri ndi kuuma mtima, munthu n'kuyamba kuipidwa ndi ntchito yake ndi anthu amene akuwatumikira. Chachitatu ndi kulephera kugwira ntchito bwino monga kale. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 pakati pa ogwira ntchito yothandiza anthu a kachilombo ka HIV m'Malawi adapeza kuti 62 mwa 100 alionse adali ndi vutoli.

Pakhomo timaliona chonchi: munthu wansangala uja wayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, sakudya bwino, mutu sukusiya kuwawa, tulo sakupeza, ndipo Lamlungu madzulo nkhope imagwa poganiza za mawa. Ena timafulumira kunena kuti wayamba matama chifukwa cha ntchito ya boma, pamene mnzathuyo wavulala mkati. Kuipa kwake n'kwakuti namwino wotopa chotere angathe kulakwitsa mlingo wa mankhwala, ndipo wovutika amakhala wodwala.

Zimene namwino angachite

Kwa inu ana athu a m'zipatala, musameze chipongwe mwakachetechete. Wina akakunyozani kapena kukuopsezani, lembani tsiku, nthawi, mawu amene adanenedwa ndi amene adalipo, kenaka kaperekeni kwa mkulu wa wodi kapena kwa a matroni. Nkhani yolembedwa siisowa monga ya pakamwa. Ngati wokulakwiraniyo ndi bwana yemweyo, bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lilipo kuti likuyankhulireni. Mu Epulo 2020, matenda a Covid-19 atangofika, ogwira ntchito m'zipatala adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama za chiopsezo, ndipo boma lidawamvera. Mutu umodzi susenza denga.

Dziwaninso malamulo. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, ndipo limapereka tchuthi cholipidwa chaka chilichonse. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zokhudza chiwerewere pa ntchito. Tchuthi chanu chitengeni ndipo mupumedi, osachigulitsa chonse ku lokamu. Pezani mnzanu mmodzi wa pa ntchito amene mungamakhuthulirane naye zakukhosi. Ngati kusowa tulo ndi chisoni zapitirira masabata angapo, kaonaneni ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma. Kutero si manyazi, pakuti nanunso ndinu munthu.

Mbali yathu ife apabanja

Bambo amene mayi a kunyumba kwanu ndi namwino, akaweruka m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku asapeze mbale ndi zochapa zikuwadikira. Aloleni agone, ana akasewere kutali. Apongozi ndi achibale, tisam'tume mwanayu kuti atibweretsere mankhwala a m'chipatala kapena kutidumphitsa mzere, chifukwa zimenezi zikhoza kum'landitsa chiphaso chimene adachivutikira zaka zitatu. Tikumbukirenso kuti malipiro ake sangathe kusenza mudzi wonse.

Tikakhala kuchipatala, moni waulemu satha ndalama. Ngati sitinathandizidwe bwino, njira ilipo. Kuyambira mu 2018 m'zipatala za boma mudaikidwa a Hospital Ombudsman, amene ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a odwala, ndipo zipatala zazing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'mudzi momwemo. Dandaulo loperekedwa kumeneko limafika kwa amene angakonze zinthu, pamene kutukwana pakhonde kumangoonjezera bala pa munthu wotopa kale. Mafumu, mashehe ndi atsogoleri a magulu a amayi angathandize pokambapo za nkhaniyi m'misonkhano yawo.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Namwino amene mudzam'peze pa chipatala ulendo wotsatira mwina sadagone usiku wathawu. Musanam'fotokozere za matenda anu, yambani mwam'funsa kuti, "Mwadzuka bwanji, anamwino?"