Kukhuta ndi Mbamu Zitatu: Nthawi Zina Vuto Limakhala ku Mtima

Kwathu kuno munthu akabweza nsima, mlandu umayamba wagwera wophika. Amati ndiwo sizidakolere, kapena nsimayo ndi yosapsa. Ikabwezedwanso mawa ndi mkuja, pamenepo timayamba kunena za zilonda za m'mimba, ena amati ndi njoka za m'mimba, ndipo ngati pamudzipo pali kusamvana, sipalephera kupezeka wina wonong'ona kuti munthuyo adamudyetsa. Za mtima palibe amene amaziganizira. Mtima uli pachifuwa, nsima imapita m'mimba, nanga ziwirizi zikumana pati?

Awerengi athu, ziwirizi zimakumana ndithu. Achipatala adadziwa kalekale kuti kukhuta msanga, nseru ndi kutha kwa chilakolako cha chakudya ndi zina mwa zizindikiro zoti mtima wayamba kulephera kupopa magazi mokwanira. Si zizindikiro zotchuka ngati phuma kapena kutupa miyendo, n'chifukwa chake anthu ambiri amataya miyezi akumwa mankhwala a m'mimba pamene mtima ukunka nufowokera.

Nkhaniyi tiyione kudzera ku Thyolo, m'dera la Mfumu Kapichi ndi madera oyandikana nalo, kumene mabanja ambiri amadalira tiyi, kaya pogwira ntchito m'maesiteti kapena polima timinda tawotawo. Ambiri a ife a kunyanja tili ndi abale kumeneko. Ntchito yothyola tiyi ndi ya mphamvu: dengu kumsana, kukwera ndi kutsika zitunda, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo pamene masamba amaphuka kwambiri. Munthu wogwira ntchito yotere amaweruka ndi njala yeniyeni. Tsono mayi kapena bambo amene kale ankamaliza mitanda iwiri ya mgaiwa akayamba kusamba m'manja atangodya mbamu zitatu, nanena kuti m'mimba mwadzaza, a pabanjapo ayenera kudabwa. Makamaka ayenera kudabwa ngati munthu yemweyo wayamba kutsalira pokwera chitunda chimene kale ankachikwera akucheza.

Chimachitika n'chiyani m'thupimo?

Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo munthu wamkulu akangokhala phee umapopa magazi okwana malita 5 pa mphindi imodzi. Uli ndi mbali ziwiri. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera m'mapapo n'kuwatumiza m'thupi lonse. Mbali ya kumanja imalandira magazi obwerera kuchokera m'thupi n'kuwakankhira m'mapapo. Mbali ya kumanjayi ikafowoka, magazi obwerera aja amasowa kolowera, ndipo amadzazana m'mitsempha monga m'mene madzi amachitira mu ngalande imene yatsekeka kumunsi. Madziwo sathawira kutali, amasefukira pamalo apafupi.

Chiwalo chapafupi kwambiri ndi chiwindi. Chili kunsi kwa nthiti za kumanja, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi akadzazana m'menemo chimafufuma, n'kuyamba kupanikiza chifu chimene chagundizana nacho. Wodwala amamva kulemera kapena kuwawa kunsi kwa nthiti za kumanjazo, ndipo ena safuna ngakhale kumanga lamba kapena kukhwimitsa chitenje. Matumbo nawonso amanyowa ndi kutupa, kotero kuti chakudya chimayenda pang'onopang'ono ndipo thupi silitengako zofunika zonse. Matendawa akapitirira, madzi amayamba kusonkhana m'mimba mwenimwenimo, kunja kwa matumbo, mimba n'kukula ngati ya mayi woyembekezera. Chifu chopanikizika mbali zonse chotere sichingalandire mtanda wa nsima.

Palinso china. Kugaya chakudya ndi ntchito yofuna magazi ambiri. Ngakhale munthu asanadye, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi amene mtima umapopa limapita ku chiwindi, chifu ndi matumbo, ndipo akadya pamafunika ochulukirapo. Mtima wofowoka umalephera kuwonjezera. N'chifukwa chake odwala ena amachita befu ali pakati pa chakudya, n'kusiya osati chifukwa chokhuta kokha komanso chifukwa chotopa.

Apa ndi pamene pali chinthu chosokoneza mabanja ambiri. Munthu akudya pang'ono, koma sikelo ikuonetsa kuti akulemera. Achibale amatonthozana kuti, "Musadandaule, bambowa thupi lilipo." Komatu limenelo si thupi, ndi madzi. Muyang'aneni bwino: masaya alowa, mapewa ndi mikono zaonda, koma mimba ndi mapazi zatupa, nsapato zaleka kulowa madzulo. Mukadina ndi chala pamwamba pa kakolo kwa kanthawi, pamatsala kadzenje. Ku Thyolo sikelo si chinthu chachilendo, pakuti tiyi amayezedwa tsiku ndi tsiku ndipo wothyola aliyense amadziwa makilo ake pamtima. N'zomvetsa chisoni kuti anthu omwewo kawirikawiri sadziwa kulemera kwa thupi lawo. Achipatala amalangiza kuti wodwala mtima akawonjezera makilo oposa 2 m'masiku atatu okha, apite kukaonedwa, pakuti palibe nsima imene inganenepetse munthu mofulumira chotero.

Zizindikiro zina zimayenda limodzi ndi zimenezi. Wodwala amalephera kugona chagada, amafuna kutsamira mapilo awiri kapena atatu, mwinanso kugona chokhala. Amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika, n'kuthamangira pakhomo kufuna mpweya. Amakhosomola usiku. Mitsempha ya m'khosi imaoneka yotukuka ngakhale ali chikhalire. Chinanso chimene madokotala adachilemba bwino mu 2014 ndi kubanika powerama: munthu akawerama, monga pomanga nsapato, phuma limamugwira theka la mphindi lisanathe. Ife amene timawerama ndi kugwetsa nkhope pansi pa Swala kasanu pa tsiku tili ndi mwayi wochizindikira msanga chimenechi. Ngati bambo athu ayamba kuswali chokhala chifukwa cha befu, osati chifukwa cha maondo, tisangoti ndi ukalamba.

Si matenda a azungu kapena a nkhalamba zokha

Ambiri timaganiza kuti matenda a mtima ndi a anthu olemera a m'tauni. Kafukufuku wamkulu amene adafalitsidwa mu 2012, motsogozedwa ndi Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Maputo pamodzi ndi anzake, adaunika odwala 1,006 ogonekedwa chifukwa cha kulephera kwa mtima m'maiko 9 a mu Africa. Adapeza kuti zaka zawo pongoyerekeza zidali 52, pamene ku Ulaya odwala otere amakhala a zaka za m'ma 70. Tingati ndi anthu amene akadali ndi ana a sukulu. Pafupifupi 45 mwa 100 alionse gwero lake lidali kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP.

Kuno kwathu, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP siipweteka. Imangogwiritsa mtima thangata chaka ndi chaka mpaka minofu yake italema.

Gwero lachiwiri limayambira ku ubwana. Mwana akadwala zilonda za pakhosi zoyamba ndi tizilombo ta mtundu wina, osalandira penisilini, thupi lake polimbana ndi tizilomboto limatha kuwononga timavalavu ta mumtima, tija timatseka ndi kutsegula kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Vutoli limadzaonekera patapita zaka, kawirikawiri pa unyamata kapena mtsikana akatenga pathupi poyamba. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2016, ana 1,450 a m'boma la Lilongwe adaunikidwa mitima, ndipo oposa atatu mwa 100 alionse adapezeka ndi zizindikiro zoyamba za nthendayi. Amene yawapeza amabayidwa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri kuti isapitirire.

Amayi nawo ali ndi mtundu wawo. Mtima umatha kufowoka mwezi womaliza wa pathupi kapena miyezi ingapo mayi atachira. Mayi wa mwana wakhanda amene akukana chakudya, miyendo sikuphwa, ndipo akubanika pogona, asamangopatsidwa thobwa kuti mkaka ubwere. Chifuwa chachikulu cha TB chimathanso kugwira kathumba kokuta mtima n'kuupanikiza, ndipo kuchepa kwambiri kwa magazi kumautopetsa. Ngakhale khanda limene lidabadwa ndi vuto la mtima limaonetsa pa kuyamwa: limayamwa pang'ono, kutuluka thukuta pamphumi, kusiya bere likupuma mofulumira, ndipo sikelo yake siikwera.

Tisapupulume, komabe. Si aliyense wokhuta msanga amene ali ndi vuto la mtima. Zilonda za m'mimba zilipodi, khansa ya kum'mero ndi ya chifu ziliponso, matenda a impso, TB, ngakhale nkhawa yeniyeniyo imathetsa njala. Kwa ife a kunyanja palinso likodzo la m'matumbo, limene limaumitsa chiwindi, kutupitsa kapamba ndi kudzaza madzi m'mimba mofanana kwambiri ndi m'mene mtima umachitira. Kusiyanitsa zimenezi si ntchito ya pakhonde. Chimene tikunena ife n'chakuti mtima nawo uzikhala pa mndandanda wa zokayikiridwa.

Pofika kuchipatala

Pa mzere wa chipatala anthu amakhala ambiri ndipo nthawi ya wodwala aliyense ndi yochepa. Munthu akangoti, "Adokotala, m'mimba," n'zosadabwitsa kuti atuluka ndi mankhwala a m'mimba. Safunsa adadya phula. Fotokozani zonse pamodzi: kuti mukukhuta msanga, kuti miyendo ikutupa, kuti mukugona chotsamira, kuti chitunda chakukanikani, ndiponso kuti zidayamba liti. Pemphani kuti akuyezeni BP, akuyezeni sikelo, ndi kukumverani pachifuwa. Ndi bwino kupita ndi wachibale amene amakuonani usiku, pakuti odwala ambiri, makamaka abambo, amachepetsa nkhani akaona dokotala.

Kwa anthu a kwa Kapichi, poyambira ndi pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha pa esiteti. Kuchoka pamenepo pali chipatala cha boma pa Thyolo, cha Malamulo ku Makwasa, ndipo zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Chimene chimatsimikiza bwino ndi makina ounikira mtima, ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera. Tikudziwa kuti kwa munthu wolipidwa malinga ndi makilo, tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda ndalama, kuwonjezanso ya kabaza. Koma amene amadikira mpaka kukolola kuthe amadzapita atanyamulidwa, ndipo pamenepo masiku otayika sakhalanso limodzi.

Pali nthawi zina zosafunika kudikira kuti kuche: munthu akamabanika ali chikhalire, akamatulutsa makhololo a thovu ofiirira, akamva kupweteka kwambiri pachifuwa, akakomoka kapena kuyamba kusokonezeka mutu.

Chosangalatsa n'chakuti mankhwala alipo ndipo ambiri ndi osakwera mtengo. Furosemide, amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, amachotsa madzi kudzera mu mkodzo, ndipo madzi aja akaphwa, njala imabwerera m'masiku ochepa. Ena monga enalapril ndi spironolactone amapeputsa ntchito ya mtima ndi kutalikitsa moyo. Msampha uli pamenepa: wodwala akayambanso kudya bwino amaganiza kuti wachira, n'kusiya mankhwala. Mwa odwala ambiri mankhwalawa ndi a moyo wonse. Amene akumwa digoxin adziwenso kuti mankhwalawo akachuluka m'thupi amabweretsa nseru ndi kuthetsa njala, choncho akaona zotere abwerere kuchipatala msanga.

Kunyumba, ntchito yaikulu ili m'manja mwa wophika. Mchere umasunga madzi m'thupi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, imene ili ngati supuni yaing'ono imodzi, ndipo muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wobisika m'nsomba zothira mchere, m'timibulu tokometsera ndiwo, m'soda wa m'therere ndi m'mankhwala a ufa otulutsa thovu amene anthu amamwa akadzimbidwa. Nsomba zamchere zimene timatumizira abale ku Thyolo, kwa wodwala mtima zimafunika kuviikidwa ndi kutsukidwa bwino. Mapiritsi a ululu monga Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene ogwira ntchito zolemetsa amakonda kugula pa okala, amasungitsa madzi ndi kulemetsa impso, ndipo wodwala mtima asawamwe popanda kufunsa achipatala. Musamukakamize kumaliza mtanda. M'patseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, phala la nsinjiro, dzira, nsomba yaiwisi yophika, nyemba, nthochi, ndipo akadya akhale tsonga kwa kanthawi asanagone.

Mwezi wa Ramadhan umafuna tcheru chapadera, chifukwa kusadya kumabisala mosavuta m'kati mwa kusala. Aliyense amafika pa kumasula ali ndi njala. Amene walawa tende ndi tiyi n'kunena kuti wakhuta, usiku ndi usiku, kwinaku mapazi akutupa, ameneyo ndi wofunika kupita naye kuchipatala mwezi usanathe. Ndipo amene adapezeka kale ndi nthendayi akambirane ndi dokotala komanso Shehe mwezi usanaoneke, pakuti mapiritsi ochotsa madzi pamodzi ndi ludzu la tsiku lonse zingathe kuvulaza impso, ndipo kuwadumphitsa kumabwezeretsa madzi m'mapapo. Chilamulo chidapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masikuwo akapeza bwino, kapena kudyetsa osauka ngati nthendayo ndi yosachizika.